Mawaya a soketi ya mapini 13 okokera kalavani: relay ndi yabwino, timapanilo take tayani

Papita miyezi 8 chimangireni mawayawa pagalimoto yanga, ndipo ndakoka nawo kalavani (ngolo yogonamo yokokedwa ndi galimoto) dzuwa likuswa mtengo komanso mvula ikukhuthuka. Ndikuwapatsa nyenyezi 4 mwa 5. Imodziyo ndachotsa chifukwa cha tinthu tiwiri tating'ono ta m'bokosi momwemo, ndipo kamodzi mwa ito kanandiimitsa m'mbali mwa msewu usiku.

M'bokosi munali soketi ya mapini 13 ndi chingwe chake, kabokosi ka relay, waya wonenepa wopita ku batire pamodzi ndi fyuzi yake, labala yotsekera bowo lodutsa chingwe, timapanilo tapulasitiki tolumikizira mawaya, kasikuluwu ndi pepala la malangizo. Ine ndinazolowera soketi ya mapini 7 ya pa ngolo wamba, koma ija imangoyatsa nyali za pamsewu basi: maindiketa, mabuleki, nyali za kumbuyo ndi ya chifunga. Kalavani imafuna zoposa pamenepo. Pa soketi iyi, pini 8 ndi ya nyali yobwerera m'mbuyo, pini 9 imatenga magetsi osazima kuchokera ku batire, pini 10 ndi ya firiji. Pulagi yake mumailowetsa n'kuipotoza pang'ono, imadzikhoma yokha, ndipo sinasolokepo ngakhale pamsewu wa mabampu.

Chimene ndinagulira mawaya amenewa kwenikweni ndi relay. Galimoto zambiri za masiku ano zili ndi kompyuta yomwe imayeza magetsi amene babu aliyense akukoka. Babu wa indiketa wa 21W amakoka pafupifupi 1.75A pa 12V. Mukangolumikiza babu wa kalavani pa waya womwewo, katundu wawirikiza, ndiye kompyuta imatha kuonetsa chenjezo pa dashibodi kapena kudula nyaliyo. Relay imangomva kuti nyali ya galimoto yayaka, kenako magetsi oyatsira kalavani imakatunga ku batire kudzera pa fyuzi yakeyake. Chiiikireni sindinaonepo chenjezo ngakhale limodzi. Ilinso ndi kabelu kolira indiketa ya kalavani ikamaphethira. Tsiku lina kanangokhala chete ndikukhotera kumanja, nditatsika ndinapeza babu wapsadi. Popanda kabeluko ndikanayenda ulendo wonse a m'mbuyo osadziwa komwe ndikulowera, ndipo zimenezi ndi zomwe ndimaopa kwambiri ndikamakoka chinthu chachitali chonchi.

Mitundu ya mawaya ikutsata muyezo wa ISO 11446 ndendende, ndinayeza mmodzimmodzi ndi mita yoyezera magetsi ndisanamange: wachikasu indiketa ya kumanzere, wobiriwira ya kumanja, wofiira mabuleki, wabuluu chifunga, wakuda ndi wabulawuni nyali za kumbuyo, woyera earth (njira yobwerera magetsi) pa pini 3. Apa palibe chodandaula.

Tsono nazi zomwe zinandikwiyitsa. Malangizo amati waya wa earth mumange ndi kasikuluwu kodzibowolera kokha pachitsulo chilichonse cha m'buti. Ndinatero. Patatha miyezi iwiri, mvula ili mkati usiku, dalaivala wina anandiphethirira nyali mpaka ndinaima. Nditayatsa indiketa n'kupempha mkazi wanga kuti aponde buleki, nyali zonse za kumbuyo kwa kalavani zinkaphethira limodzi mofooka, ngati zikutha mphamvu. Kasikuluwu kaja kanagwira penti ndi timano tiwiri tokha ta chitsulo, ndipo dzimbiri linali litalowa kale. Magetsi akasowa njira yobwerera kudzera pa earth amaifuna kwina, amadutsa mu kawaya kachiwiri ka babu wa 21/5W (babu mmodzi wa buleki ndi nyali ya kumbuyo) n'kukayatsa nyali zomwe simunaziyatse. Anthu ambiri akaona zoterezi amayamba kusintha mababu kapena kunena relay, pamene vuto lili pa waya woyera umodzi. Ndinapala penti mpaka chitsulo chinawala, ndinamanga wayayo pa bawuti yeniyeni ya thupi la galimoto, n'kupaka girizi pamwamba. Sizinabwererenso.

Chachiwiri ndi timapanilo tija toluma waya osausenda. Ndi tachangu, zoona, koma kampeni kake kamadula tina mwa tizingwe ta kopa m'kati, ndipo chinyezi chimalowera pomwepo. Nditatsegula limodzi tsiku lomwe ndinkakonza earth, ndinapeza kopa wayamba kubiriwira. Ndinatichotsa tonse, ndinawotcherera ndi mtovu n'kuvala tipayipi tofota ndi moto. Inatenga masana onse, koma ndikanakonda opanga akanaika zolumikizira zabwino poyamba pomwe, poti zina zonse m'bokosimo ndi zolimba.

Dziwaninso kuti pini 10 sigwira ntchito ndi zomwe zili m'bokosi zokha. Firiji ya kalavani ikakhala pa 12V imakoka pafupifupi 10A, ndiye mukaipatsa magetsi osazima, n'kuima maola angapo injini itazima, galimoto sidzalira. Pamafunika relay ina yomwe imatsegula njira pokhapokha alternator (chotchaja batire injini ikamalira) ikutchaja, ndi waya wa 2.5mm². Ndinagula padera. Malangizo anangotchula m'mzere umodzi, ndiponso sananene momveka kuti earth ya pini 11 (ya firiji) ndi ya pini 13 (ya magetsi osazima) iliyonse ikhale ndi waya wake, osaziphatikiza ndi ya pini 3 m'pulagi. Amene akumanga koyamba akhoza kuphonya pamenepa mosavuta.

Chingwe ndinachisiyira mpata woti chisakokeke pokhota kwambiri, koma osafika pokhudza pansi. Soketi ndinaimanga pambali pa mpira wokokera wa 50mm, pomwe sikusemphana ndi kachingwe kachitsulo kokoka mabuleki a kalavani ikadzamasuka. Kulemera kwa mphuno ya kalavani pa mpirawo ndimayeza ndi sikelo ulendo uliwonse, chifukwa kukachepa kalavani imayamba kugwedeza mchira, kukapitirira zomwe zalembedwa pa towbar (chitsulo chokokera), kumbuyo kwa galimoto kumatitimira. Zimenezo si za mawayawa, koma n'zimene ndimachita nthawi imodzi ndi kuyesa nyali.

Ngati mumadziwa kugwira mita ndi chowotcherera, gulani, mudzamanga tsiku limodzi. Ngati ayi, pitani nawo kwa wa magetsi a galimoto, ndipo mumuuze kuti timapanilo asatigwiritse ntchito. Chivundikiro cha soketi chidakatseka mwamphamvu mpaka pano. Sabata yatha ndinaona pini 3 yayamba kuda pang'ono, ndinaipopera mankhwala otsukira zolumikizira magetsi n'kuipukuta, nyali zonse zikuyaka bwino.