Wopeka nyimbo za m'filimu: wakale apitirize kapena alowe wina?

Opanga mafilimu ambiri kuno kuchigwa, kuyambira pa Dyeratu, Nchalo, Ngabu mpaka ku Bangula ndi pa boma la Nsanje, ali ndi munthu mmodzi amene amawaikira nyimbo. Nthawi zambiri amakhala mwini situdiyo yaing'ono, yemwenso amajambula makwaya. Filimu yoyamba mwagwira naye, yachiwiri chimodzimodzi, pofika yachinayi oonera ayamba kunena kuti nyimbo n'zomwe zija. Mtima wa dayirekitala umayamba kukokera kwa wina.

Ife timaona kuti kawirikawiri vuto silikhala wopekayo, koma mmene ntchito imamufikira. Mukamupatsa filimu kutatsala masiku asanu kuti ionetsedwe, n'kumuuza kuti apa paikidwe yachisoni, apo yoopsa, atsegula pulogalamu ya pakompyuta yopangira nyimbo ya FL Studio n'kutenga zida zomwe anagwiritsa chaka chatha. Watsopano mukamuchita zomwezo, nayenso achita chimodzimodzi.

Tiyambe ndi nthawi, chifukwa apa wakale amapambana kutali. Filimu ya mphindi 90 ikhoza kufuna nyimbo za mphindi 30 kapena 40, zogawidwa m'tizidutswa tambiri. Wopeka wakhama akamamaliza mphindi ziwiri patsiku, ndiye kuti akufunika masiku 15 mpaka 20 ogwira ntchito, osawerengera masiku omwe magetsi athima. Wakale amadziwa kale kuti inu mukati "ichepe" mukutanthauza kuti achotse ng'oma, osati atsitse voliyumu. Watsopano zimenezi aziphunzira pa filimu yanuyo, ndipo tizidutswa toyamba tidzabwerera kawiri katatu. Muonjezereni masabata awiri.

Pali chinanso chomwe chimatheka ndi munthu amene mwazolowerana naye: kupeka nyimbo filimu isanajambulidwe. Dayirekitala Sergio Leone ndi wopeka nyimbo Ennio Morricone anachita zimenezi pa filimu ya Once Upon a Time in the West ya mu 1968. Nyimbo zinalipo kale, ndipo ankaziliza pamalo ojambulira kuti osewera aziyenda motsatira. Inunso mutha kumupatsa wopeka wanu nkhani yolembedwa mwezi umodzi musanagwire kamera, apange nyimbo ziwiri kapena zitatu zikuluzikulu, mkonzi azidula zithunzi akuzimva. Zikatero simufunikanso kuika nyimbo za eni zongogwirizira pokonza. Nyimbo zogwirizirazi ndi msampha: khutu lanu limazizolowera, kenaka mumakakamiza wopeka kuti apange zofanana nazo, ndiye kumamunena kuti alibe luso.

Dayirekitala Steven Spielberg wagwira ndi wopeka nyimbo John Williams kuyambira mu 1974, komabe mafilimu ena anapereka kwa opeka ena: Quincy Jones mu 1985, Thomas Newman mu 2015, Alan Silvestri mu 2018. Anabwererana bwinobwino pambuyo pake. Kupereka filimu imodzi kwa wina si kuthetsa ubale.

Nanga watsopano amapambana pati? Pa kamvekedwe kamene wakale sangakatulutse. Dayirekitala Christopher Nolan anagwira ndi wopeka nyimbo Hans Zimmer kuyambira 2005 mpaka 2017. Zimmer atatanganidwa ndi filimu ya Dune, Nolan anatenga Ludwig Göransson pa Tenet ya mu 2020, n'kupitiriza naye pa Oppenheimer ya mu 2023, yomwe nyimbo zake zinapata mphoto ya Oscar. Kwathu kuno nkhani yake imakhala yotere: filimu yanu ikukamba za banja la ku Makhanga lomwe madzi analisamutsa, kapena za asodzi a m'dambo la Ndindi, koma wopeka wanu chomwe amadziwa ndi kiyibodi ya nyimbo za kutchalitchi. Akaika piyano ndi vayolini wa m'kompyuta, munthu wa ku Nsanje amaona kwawo pa sikirini koma khutu lake likumva kwina. Pamenepo pakufunika munthu wodziwa valimba (chida choimbira cha timatabwa togogoda), ng'oma za likhuba, kuomba m'manja kwa utse, ndi kaimbidwe ka Chisena kapena Chimang'anja.

Koma walira mvula walira matope. Woimba valimba waluso sikuti amadziwa kupeka nyimbo yoti ithe ndendende pamene chitseko chatsekedwa, pa masekondi 47. Ndiye njira yomwe timaikonda ndi yapakati: wakale akhale mwini ntchito, inu mumubweretsere oimba a kumudzi.

Njirayi ili ndi misampha yake. Valimba sachunidwa ngati kiyibodi, mawu ake amagwera pakati pa makiyi. Mukayamba ndi kiyibodi kenaka n'kuthira valimba pamwamba, zimawawa m'khutu, ndipo wopeka amathamangira kuwongola mawu a valimba ndi kompyuta mpaka kukoma kwake kutha. Jambulani valimba poyamba, zina zonse zimutsate, kapena pambali pake pangokhala ng'oma ndi mawu a anthu. Kunjenjemera kochokera m'zikho za pansi pake musakuchotse, si kuonongeka, ndiye mawu ake enieni. Maikolofoni ikhale pafupifupi mita imodzi kuchokera pa chidacho. Jambulani m'mamawa, makamaka mu Okutobala ndi Novembala pomwe kutentha kumapitirira madigiri 40, poti masana simungapirire osayatsa fani, ndipo phokoso la fani likalowa silichoka. Nyimbo zokhudza Mbona wa ku Khulubvi kapena za kudambwe musazijambule musanapemphe kwa eni mwambo.

Pa ndalama, wakale amamvetsa mukachedwa kulipira, ndipo apa ndi pomwe ambiri timawalakwira anzathuwa. Munthu amene sanalandire zotsala za filimu yapita sangaike mtima pa yatsopano. Kaya ndi wakale kaya watsopano, gawani malipiro patatu: poyamba ntchito, mukavomereza theka la tizidutswa, ndi popereka mafayilo omaliza.

Umwini ndiwo umasokoneza kwambiri posintha. Ngati filimu yanu ili ndi zigawo, ndipo oonera anazolowera nyimbo yotsegulira, musangoganiza kuti pomulipira wopeka munagula umwini wonse wa nyimboyo. Popanda pepala losainirana, watsopano asaibwereze kapena kuisintha. Lamulo la umwini wa zaluso la mu 2016 limateteza wopeka, ndipo a COSOMA, bungwe loona za umwini wa zaluso, ndiwo oyenera kuwafunsa musanalembe mgwirizano. Papepalapo palembedwe malo omwe nyimbo zigwiritsidwe ntchito: m'filimu, pa YouTube, pa wailesi ya kanema, m'zigawo zotsatira, komanso ngati wopeka ali ndi ufulu wozigulitsa payekha.

Ngati mtima ukukayikabe, yesani onse awiri. Sankhani gawo limodzi la mphindi zitatu lomwe muli kulankhulana, mulichotse nyimbo iliyonse. Apatseni sabata imodzi, malangizo ofanana, ndipo onse muwalipire kangachepe. Wakaleyo mumuuze nokha pamaso kuti mukuyesanso wina, asamvere kwa anthu pa msika. Pomvetsera musadalire masipika a mu situdiyo. Ikani pa foni, kenaka pa sipika ya m'nyumba yoonetsera mavidiyo, poti ndi momwe anthu athu adzaonere. Besi yambiri pa foni imasowa, pa sipika yotchipa imabangula n'kumeza mawu a osewera. Wopeka amene wasiya mpata kuti mawu amveke, amenenso walimba mtima kusiya malo ena opanda nyimbo, ndiye wamvetsa filimu.

Zifukwa zokwanira kusinthira munthu n'zochepa: kulephera kusunga masiku mobwerezabwereza ngakhale mwamulipira, kukana kukonza zomwe mwapempha, kapena kutenga nyimbo za eni n'kumati ndi zake, zomwe zingachititse kuti filimu itsekedwe pa YouTube. Ndipo nthawi yosinthira ndi ntchito isanayambe. Dayirekitala Alfred Hitchcock anachotsa wopeka nyimbo Bernard Herrmann mu 1966 ali mkati mojambula nyimbo za filimu ya Torn Curtain, atagwira limodzi kuyambira 1955, ndipo sanagwirenso ntchito limodzi.

Mukatsimikiza zosintha, malizani ngongole yonse, kenaka pemphani mafayilo a mafilimu akale: WAV ya 48 kHz, 24-bit, osati MP3 yotumizidwa pa WhatsApp. Ng'oma zikhale pazokha, besi payokha, mawu a oimba paokha, fayilo iliyonse yolembedwa dzina la gawo ndi timecode, kutanthauza nthawi yeniyeni ya m'filimu pomwe nyimboyo imayambira. Watsopano mumupatse filimu yomwe kudula kwatha, ya mafulemu 25 pa sekondi ngati ndi momwe munajambulira, chifukwa mukadzachotsa masekondi atatu okha pakati pa gawo, nyimbo yonse yotsatira idzaphonya malo ake ndipo adzayenera kuikonzanso.