Masewero olimbitsa thupi a ana ku Chankhanga: zomwe ndaona pa miyezi 7

Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 10 ndipo mtima wake wonse uli pa mpira. Akaweruka kusukulu amangoponya chikwama pakhonde n'kuthamangira kubwalo ndi chikulunga chake, kubwerako dzuwa litalowa, miyendo ili mbuu. Chaka chatha anabinya phazi lakumanja kawiri m'miyezi itatu. Ulendo wachiwiriwo linatupa moti nsapato ya kusukulu sinkalowa, ndipo ndinatseka benchi yanga ya kaunjika tsiku lonse kukakhala pamzere kuchipatala. Mnzanga wina wapamsika ndiye anandiuza za a kochi ena omwe amaphunzitsa ana masewero olimbitsa thupi pabwalo la sukulu ina cha ku Chankhanga konkuno ku Kasungu, Lachitatu madzulo ndi Loweruka m'mawa. Amalipiritsa K5,000 pamwezi mwana mmodzi.

Oyamba kukana anali apongozi anga. Atangomva mawu oti kulimbitsa thupi, anaika mtanda wa nsima pansi. "Amake mwana, mukufuna mdzukulu wanga apinimbire? Zonyamula zitsulo ndi za anyamata andevu." Nanenso mantha amenewo ndinali nawo. M'mutu mwanga munali anyamata aja amanyamula simenti youmitsa m'zitini kuseri kwa nyumba, mitsempha ili tolotolo pakhosi. Choncho Loweruka loyamba sindinamutumize yekha. Ndinakwera naye kabaza, ndinakakhala pansi pa mtengo wa mango m'mbali mwa bwalo, ndalama ndili nazobe pachitenje.

Chitsulo sindinachione ngakhale chimodzi. A kochiwo ndi bambo wazaka za m'ma 40, wolankhula motsitsa, ndipo zida zawo zonse zimakwana m'thumba limodzi la feteleza: zingwe zojowa, mabotolo a pulasitiki odzaza mchenga oika ngati zizindikiro, mipira itatu, malamba odula ku chubu cha njinga, ndi wenzulo. Ana anali pafupifupi 30, wamng'ono wazaka 7, wamkulu 13. Anayamba ndi kuthamanga pang'onopang'ono, wenzulo ikalira aliyense aime nji pomwe ali, ena ndi mwendo umodzi. Kenaka kuyenda ngati kangaude, manja ndi miyendo pansi. Kenaka kunyonyomala ndi kudzuka, mapushapu ogwada kwa ang'onoang'ono, kuima ndi mwendo umodzi uku akuponyerana mpira. Ana ankaseka, ena kugwa, koma a kochi sanakalipe.

Chomwe chinandichititsa kumasula ndalama pachitenje chinachitika cha kumapeto. Anaika ana pamzere kuti aliyense adumphe kuchoka pa sitepe ya kalasi, yotalika ngati njerwa ziwiri zosanja, n'kutera pansi. Wanga atadumpha anatera ndi phokoso, phi, miyendo ili chiwongokere, mawondo n'kugundana mkati. A kochi anakweza dzanja. Anagwada pafumbi patsogolo pake, n'kugwira bondo lake lakumanja ndi zala ziwiri, kulikankhira kunja pang'ono kufikira linayang'anizana ndi chala chachiwiri cha phazi. "Bondo lizitsata chala ichi. Pinda mawondo, chiuno kumbuyo ngati ukukhala pampando. Utere ngati mphaka, ndisakumve." Anabwereza kasanu. Kachisanuko sindinamve kanthu, fumbi lokha ndi lomwe linadzuka pang'ono. Ine ndakhala ndikumuonerera mwanayu akusewera kuyambira ali ndi zaka 5, koma sindinaonepo kuti mawondo ake amagwera mkati akamatera.

Atamaliza ndinawafunsa mosabisa za nkhawa ya apongozi anga. Anandiyankha modekha. Anati mwana amene sanathe msinkhu akamachita masewero amenewa minofu yake situpa ngati ya akuluakulu. Mphamvu zimabwera chifukwa ubongo ndi mitsempha zikuphunzira kulamula minofu kuti igwire ntchito pamodzi pa nthawi yake. Anati kumapeto kwa mafupa a mwana kuli malo ofewa pomwe fupa limakulira, ndipo chomwe chimavulaza pamenepo ndi katundu wolemera mopyola muyeso, wonyamulidwa molakwika popanda womuyang'anira. Kenaka anandifunsa funso lomwe ndinapita nalo kunyumba: "Mayi, mtsikana wazaka 11 akasenza ndowa ya malita 20 kuchokera ku mjigo, ndi makilogalamu angati ali pakhosi pakepo?" Ndi 20. Timawatuma tsiku ndi tsiku, palibe amene amati apinimbira.

Kupinimbira kwenikweni timakudziwa kuno. Kafukufuku wa boma wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka 5 m'Malawi muno ndi opinimbira, ndipo gwero lake ndi kuperewera kwa zakudya ndi matenda obwerezabwereza, osati mapushapu. Ndinawafotokozera apongozi zimenezi madzulo ake. Sanavomere tsiku lomwelo, koma pano ndi iwo amene amadzuka Loweruka kuphika phala la soya lothira nsinjiro kuti mdzukulu wawo asapite ndi njala.

Pa nkhani ya chakudya a kochiwa ndimawalemekeza. Sanatiuzepo kuti tigule ufa wa m'zitini uja amamwa anyamata a ku jimu. Amati mtedza, soya, nyemba, usipa, dzira likapezeka, nthochi, ndi madzi. Zonsezi Kasungu ali nazo. Mwana akafika wosadya amamuona msanga, amamukhazika pamthunzi n'kumupatsa mbatata yomwe amabwera nayo m'kapepala. Ndinawaonapo akuchita zimenezi kwa kamnyamata kena kamene ndikudziwa kuti makolo ake salipira n'komwe.

Masewero ambiri amawatenga pa mapepala omwe anasindikiza, akale ndithu, opindikapindika m'makona. Mwana wanga wamkulu, yemwe ali Fomu 3, anawerenga mutu wake n'kukafufuza pa foni. Ndi ndondomeko yotchedwa FIFA 11+ Kids, yokonzera ana azaka 7 mpaka 13, ya masewero 7 otenga mphindi 15 kapena 20 asanayambe mpira. Anaiyesa pa ana oposa 3,000 ku Switzerland, Germany, Netherlands ndi Czech Republic, ndipo kuvulala kunatsika ndi pafupifupi theka. Limodzi mwa masewerowo ndi kuphunzira kugwa: mwana azigubuduka m'malo motchinjiriza ndi dzanja lowongoka. Pa bwalo lathu louma gwa ngati msewu, ili ndi phunziro lofunika kuposa kugoletsa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO nalo limanena kuti ana azaka 5 mpaka 17 azichita masewero kwa mphindi 60 patsiku, ndipo olimbitsa minofu ndi mafupa akhale masiku osachepera 3 pa sabata. A kochi amakumana nawo kawiri, tsiku lachitatu amawapatsa zochita kunyumba. Wanga amajowa chingwe pabwalo ndi kuima ndi mwendo umodzi akamatsuka mano.

M'mwezi wa Julaye mwanayu anayamba kudandaula chidendene akamaliza mpira. Abambo ake anati akunamizira, alimbe mtima ngati mwamuna. A kochi anamuvula nsapato, anafinya chidendene mbali zonse ziwiri, mwana n'kudzidzimuka. Anati zimachitika kwa ana amene akukula msanga, pomwe mtsempha waukulu wakumbuyo kwa mwendo umakoka fupa lomwe silinakhwime, koma iwo si dokotala, tipite kuchipatala akatsimikize. Kuchipatala anatiuza zomwezo, kuti apumule zodumpha ndi zothamanga kwambiri kufikira ululu utachepa. Kwa masabata atatu ankapitabe kubwalo, koma a kochi ankamupatsa za mikono, za pamimba ndi zowongola katumba basi. Analira tsiku loyamba poona anzake akusewera. A kochi sanagonje, ndipo ine ndinawathokoza chifukwa chosagonjako.

Tsopano zomwe sizinandisangalatse, chifukwa zilipo ndipo ndinawauza kale iwo eni.

Ana 30 kwa munthu mmodzi ndi ambiri. Zija anachita kwa mwana wanga, kugwada n'kukonza bondo, sangathe kuchitira aliyense pa tsiku limodzi. Ndakhala pansi pa mango paja n'kumaona ana akumapeto kwa mzere akuchita mapushapu msana uli khotee, chiuno chikugwera pansi, palibe wowaona. Wazaka 7 ndi wazaka 13 sayeneranso kukhala gulu limodzi. Akuluakuluwo amatopa ndi kudikira, ang'onowo amakakamira kutsanzira zomwe sangathe. Pali mnyamata wina amabwera kudzathandiza, koma mwa apo ndi apo, ndipo iye amakonda kulanga ana ndi kudumpha ngati chule kuzungulira bwalo. Zimenezi ndinazikana pamaso pake. Masewero akasanduka chilango mwana amayamba kudana nawo.

Madzi ndi vuto lina. Mpopi wa pasukulupo amautseka Loweruka, zimbudzi nazonso zimakhala zokhoma. Mu Okutobala, dzuwa la ku Kasungu likafika 9 koloko limakhala lakwiya kale, ndipo a kochi ankachedwa kuyamba chifukwa chodikira ochedwa. Tsiku lina kamtsikana kena kanachita chizungulire n'kukhala pansi. Makolo tinakambirana pa gulu lathu la WhatsApp, tinasonkha ndalama n'kugula zigubu ziwiri, ndipo tinapempha kuti nyengo yotentha aziyamba 6:30, wochedwa apeze zayambika. Anavomera, koma zinayenera kuganiziridwa ndi iwo tisanafike poona mwana akugwa.

Atsikana alipo 4 okha. Ichi chimandiwawa. Temwa Chawinga anagoletsa zigoli 20 mu ligi ya ku America mu 2024 ali ku Kansas City Current, nasankhidwa kukhala wosewera bwino koposa onse. Mkulu wake Tabitha wasewera ku Inter Milan, PSG ndi Lyon. Mwawi Kumwenda wakhala zaka zambiri akusewera ntchemberembaye ku Australia. Komabe Loweruka m'mawa atsikana athu amakhala ali pa mjigo ndi pochapa, alongo awo ali kubwalo. Apa a kochi alibe mlandu waukulu, mlandu ndi wathu makolo, ngakhale ndikuona kuti akanapeza mayi mmodzi wowathandiza, makolo ambiri akanamasuka kutumiza ana awo aakazi. Atsikana a netiboli ndi amene amadumpha ndi kutera kwambiri, ndiye phunziro la bondo lija ndi lawo kuposa wina aliyense.

K5,000 si yochepa kwa ine. Pali miyezi yomwe belo la kaunjika limatuluka zosagulika ndipo ndimalipira mochedwa, a kochi sanabwezepo mwana pa chifukwa chimenecho. Pa miyezi 7 imeneyi phazi lija silinabinyenso. Sindinganene kuti wasanduka katswiri, liwiro lake ndi lomwe lija, koma anzake akamugunda paphewa sagwa msanga ngati kale, ndipo akagwa amagubuduka n'kudzuka.

Amene muli ndi ana a msinkhu umenewu, pitani kaye mukakhale m'mbali mwa bwalo tsiku limodzi musanalipire. Muwerenge ana, mufunse za madzi, muone ngati a kochi amagwada kukonza mwana kapena amangoimba wenzulo ali chiimire. Mwanayo mumupatse botolo lake la madzi ndi kanthu kodya. Ine mwezi wamawa ndikukalembetsanso mng'ono wake wamkazi wazaka 8. Ntchito yotunga madzi Loweruka ndawauza kale abambo ake kuti azitenga njinga ndi zigubu.