Lamba akapita: kubwereza msanga kapena kudikira?

Okonda UFC, mpikisano womenyana ndi nkhonya, mateche komanso kugwetsana, ku Chinamwali ndi ku Matawale amakangana kawirikawiri za womenya amene walandidwa lamba.

Ena amati abwereze msanga. Israel Adesanya anagonja kwa Alex Pereira mu Novembala 2022, koma mu Epulo 2023 anamukomola m'raundi yachiwiri n'kutenganso lamba. Kamaru Usman sizinamuyendere. Leon Edwards anamukomola ndi theche la kumutu mu 2022, n'kumugonjetsanso pa mapointi ku London mu 2023. Ukagonja kawiri kwa munthu mmodzimodzi, nthawi zambiri mwayi wachitatu umasowa pokhapokha lambayo atapita kwa wina.

Njira ina ndi kumenya kaye anzake apamwamba awiri kapena atatu. Imachedwa, koma kwa amene anakomoka ndiyo yabwino. Ubongo umafuna miyezi yopuma, ndipo chizolowezi chotsitsa dzanja pozinda nkhonya sichitha pa sabata zochepa.