Okri kapena Mo Yan, pa nkhani ya kubadwanso muyambe ndi buku liti?

Anzanga okonda mabuku, ngati mukufuna nkhani ya munthu woti amafa kenako nkudzabadwanso, pali awiri amene ine ndawerenga mpaka kumapeto, The Famished Road la Ben Okri wa ku Nigeria ndi Life and Death Are Wearing Me Out la Mo Yan wa ku China. Onse ndi zimabuku zonenepa, mapeji cha m'ma 500 lililonse, ndiye ndi bwino kudziwiratu musanataye ndalama ndi nthawi.

La Okri linatuluka mu 1991 nkuwina mphoto ya mabuku ya Booker chaka chomwecho. Mwini nkhani ndi kamnyamata Azaro, amene Ayoruba amati abiku, mwana wamzimu woti amabadwa, kukhala pang'ono, kufa, nkubweranso kwa mayi yemweyo. Amene munaonapo banja loika ana motsatizana mpaka wotsatirayo kumutcha Maliro kapena Nditani mudzalimva bukuli m'mimba. Azaro ulendo uno waganiza zokhala, wamvera chisoni mayi ake, koma anzake a kumizimu sakumusiya, akungomuitana kuti abwerere. Ndiye mwanayu akukhala mwendo kuno mwendo uko. Akalowa m'bala la Madame Koto iye akuona kuti ena mwa omwa mowawo si anthu, pamene kunyumba bambo ake afika thupi lonse likuphwanya ndi kusenza matumba kumsika, lendi ikudikira, andale abwera ndi galimoto kudzagawa mkaka waufa woonongeka dera lonse nkudwala m'mimba. Chizungu chake ndi chokoma zedi, chimayenda ngati nyimbo.

Koma ndinene chilungamo, pakati limatopetsa. Azaro asochera m'nkhalango, aona mizimu, abwera, mawa asocheranso, ndipo za miyoyo yake yakale simuziona kwenikweni, mumangouzidwa kuti anabwerapo kambirimbiri basi.

La Mo Yan linatuluka mu 2006 m'Chitchaina, Howard Goldblatt ndi amene analiika m'Chingerezi, ndipo mlembiyo anadzalandira Nobel mu 2012. Ili ndiye kubadwanso mumakuona ndi maso. Ximen Nao anali mwini minda ku Gaomi, anamuombera nthawi imene achikomyunizimu ankalanda minda nkugawa, ndipo buku likuyamba ali kumidima kwa Yama, mfumu ya akufa, amukazinga m'mafuta koma iye akukuwabe kuti ndinaphedwa osalakwa, ndibwezeni. Yama akuti chabwino pita. Pa 1 Januwale 1950 akutsegula maso, ali m'khola, ndi kabulu kongobadwa kumene, ndipo amene akukasisita ndi Lan Lian, wantchito wake wakale, yemwe tsopano wakwatira mmodzi mwa akazi ake. Tangoganizani, ukuona ana ako akukulira pakhomo la munthu wina, ukufuna kunena kuti ndine bambo anu koma chotuluka pakamwa ndi kulira kwa bulu. Pamenepo ine ndinatseka kaye buku.

Kuchoka apo akhala ng'ombe, nkhumba, galu, pusi wa m'mitengo uja, ndipo pomaliza mwana wa chimutu chachikulu wobadwa polowa zaka za m'ma 2000. Zaka 50 za China mukuziona kuchokera m'khola, buluyo anthu akumupha nkumudya nthawi ya njala, Lan Lian yekha m'mudzi monse akukana kupereka kamunda kake kuti alowe ulimi wa gulu, zivute zitani.

Chimene chimandipangitsa kuliika patsogolo ndi ichi. Moyo uliwonse umamuchotsa kenakake. Ali bulu ndi mkwiyo wokhawokha, akukumbukira chilichonse, amene anamuombera, amene anamuthawa. Pofika pa galu wayamba kuiwala zoti anali bwana, akungosamala anthu a pakhomopo, ndipo Yama sakufuna kumubweza ngati munthu chidani chisanathe mumtima, nchifukwa chake akumupititsanso ngati pusi. Kutseguka maso kwake kulibe mphunzitsi, kulibe kukhala phee pansi pa mtengo, ndi kunyamula katundu, kukoka pulawo, kumenyedwa, mpaka mtima kufewa. Azaro kuyambira peji yoyamba amaona kale zonse, ndiye sasintha kwambiri, amene amasintha ndi bambo ake.

Nalonso lili ndi zake. Chigawo cha nkhumba chatalika mopitirira, muli zolaula ndi nkhanza zoti ena sangapirire makamaka imfa ya ng'ombe ija, komanso mlembi amadzilowetsa yekha m'nkhani ngati mnyamata wolongolola wa m'mudzimo, ena zimawasangalatsa ine zinkandidula.

A mapemphero amene mukuti nanga Aheberi 9:27 ija yoti munthu amafa kamodzi, musaope, palibe mwa awiriwa amene akulalikira chipembedzo, ndi nthano.

Ndiye ngati mumakonda mawu okoma ndipo simuthamangira kuti kenako chinachitika nchiyani, tengani Okri muziwerenga machaputala awiri atatu patsiku. Koma amene mwabwerera miyoyo yakale yeniyeniyo yambani ndi Mo Yan, ndipo mukhale ndi kapepala pambali kolembapo mayina, chifukwa Jinlong, Jiefang, Huzhu ndi Hezuo akayamba kukwatirana mudzafuna kudziwa kuti uyu ndi mwana wa ndani.