Msundu womasulira zilankhulo ukatha miyezi 8 m'khutu

Msundu womasulira ndi kachilombo kongopeka ka m'nthano za sayansi. Umakhala m'khutu, umadya phula la m'khutumo, ndipo pobweza zabwino umasandutsa mawu achilendo kukhala chilankhulo cha mwini khutu. Ambiri amautama sabata yoyamba, mtima udakali m'mwamba. Zenizeni zimaoneka pakatha miyezi 8.

Vuto loyamba ndi malo. Njira ya m'khutu la munthu wamkulu ndi yaitali pafupifupi masentimita 2.5, ndipo phula limapangidwa chakunja kwake, osati mkati pafupi ndi ng'oma ya khutu. Msundu uyenera kukhala chakunjako. Koma khungu la m'njiramo limasendera kunja pang'onopang'ono, n'kumaukankha. Mawu akayamba kumveka ngati a munthu wolankhulira m'chidebe, dziwani kuti wasuntha. Gonani cham'mbali khutulo lili m'mwamba, donthezeranimo madontho awiri a madzi ofunda ngati thupi, madigiri 37, dikirani mphindi 5, ubwerera wokha. Madzi ozizira ayi, amachititsa chizungulire.

Timitengo ta thonje ndi mdani wake. Wotokosa m'khutu tsiku ndi tsiku amaulanda chakudya, ndipo msundu wanjala umadumpha mawu aafupi, makamaka otsutsa. "Sindibwera" n'kusanduka "ndibwera". Mankhwala odonthezera m'khutu amaupheratu.

Pa kumasulira penipenipo, mphamvu yake siyofanana. Pomvera Chisipanishi kapena Chiswahili umayenda limodzi ndi wolankhula. Pa Chijapani umachedwa, chifukwa mneni amabwera kumapeto kwa chiganizo ndipo sungayambe usanamumve. Anzanu amaseka nthabwala inu mukali kudikira. Pa Chimandarini, chilankhulo cha ku China chomwe chili ndi kamvekedwe ka mawu ka mitundu inayi, miyezi iwiri yoyamba umasokoneza "mayi" ndi "hatchi", mawu amene m'chilankhulocho amangosiyana kamvekedwe. Pano ndi pomwe miyezi imathandiza: ukazolowera, cholakwachi chimatha. Ngakhale mtengo wa nkhuni ndi mtengo wa katundu umafika pousiyanitsa bwinobwino.

Chomwe sichitha ndi zining'a. Wina akati mnzake watsamira mkono, womvera wachilendo amangomva za munthu amene wagonera dzanja, osadziwa kuti pagwa maliro. Ulemu nawonso umatayika: "iwe" ndi "inu" zonse zimafika m'Chingerezi ngati liwu limodzi. Pa malonda ndi pa ulendo msunduwu ndi wodalirika, koma pa milandu, kuchipatala kapena pokambirana za ukwati, womasulira wamoyo asasowe.

Kumbukiraninso kuti umangomva, sulankhula. Mnzanu akakhala kuti alibe wake, inu mumumva koma iye sakumvani. Zolembedwa ndi chilankhulo cha manja suzidziwa n'komwe.

Pofika mwezi wa 6 umanenepa, khutu lomwe ulimo n'kuyamba kumva mogonthera. Usamutsireni khutu linalo usiku, chifukwa umatha maola angapo uli chete usanazolowere malo atsopano.