Atandibera WhatsApp ndinathamangira ku shopu ya "Cyber Security" ku Limbe

Mwakhala mukundifunsa ambiri kuti WhatsApp yanga ndinaibweza bwanji, nde bola ndingolemba kamodzi, ndinenenso za shopu yomwe inandithandiza, zabwino zake ndi zomwe zinandinyansa.

Linali Lachiwiri madzulo, ndili mu minibasi ya ku Bangwe thupi lonse likuphwanya ndi belo ya kaunjika yomwe ndinamasula tsiku limenelo. Mesejiyo inachokera pa nambala ya mayi wina wa ku mvano, munthu woti timakhala benchi imodzi Lachinayi lililonse. "Amayi pepani, manambala anga ndatumiza molakwitsa pa foni yanu, ndibwezereni msanga." Kuona SMS, manambala 6 alowadi. Ine n'kutumiza, kuwonjezeranso "zikomo amayi". Ndisanatsike n'komwe WhatsApp yanditulutsa, ati nambala yanga yalembetsedwa pa foni ina. Cha m'ma 8 achemwali anga a ku Chilomoni akuimba mawu akunjenjemera, "mwanayo wagonekedwa wodi iti, K20,000 ija mwailandira?" Mwana woti ali apa akudya nsima ya bonya.

Kutacha ndinalawirira ku Limbe. Shopuyo ili pa kakhonde kena kufupi ndi msika, pakati pa telala ndi anyamata ogulitsa ma charger, ndipo ndakhala ndikuidutsa chaka chonse osaiyang'ana. Pa chikwangwani analemba PHONE REPAIR, FLASHING, UNLOCKING, kenako pansi ndi penti yofiira CYBER SECURITY.

Mawu amenewa ine ndinkaona ngati si a anthu ngati ife. Ndinayamba kuwamva kwambiri mu February 2024 nthawi yomwe mapasipoti anasiya kutuluka, a Chakwera n'kuuza Nyumba ya Malamulo kuti system yalowereredwa ndi akuba a pa kompyuta omwe akufuna ndalama. Nde kwa ine cybersecurity inali nkhani ya boma, mabanki, a MACRA, anthu a matayi m'mahotela. Mwana wa achimwene anga amene ali ku MUBAS ndi amene anandimasulira, akuti pa Chingerezi mawuwa ali ngati thumba, aliyense amaponyamo zake. Wina akati "cybersecurity" akunena ntchito yomwe analembedwa, wina akunena kosi, wina lamulo, wina akungotanthauza kuti usamaike chaka chako chobadwa ngati PIN. Ngakhale kalembedwe sanagwirizane, ena amalumikiza, ena amaika kamzere pakati, lamulo lathu la 2016 lija la Electronic Transactions and Cyber Security Act analekanitsa. Chomwe chinandiseketsa n'choti "cyber" akuti gwero lake ndi mawu a Chigiriki otanthauza munthu wowongolera ngalawa, anadzera kwa katswiri wa masamu Norbert Wiener mu 1948. Ndinati basi, yangayi yatembenuzika pakati pa Shire wowongolera ake ali mu minibasi kkkk.

Tibwerere ku shopu. Muli anthu awiri, abwana ake ndi mtsikana wina wochepa thupi wosayankhulayankhula. Nyenyezi zonse zomwe ndingapereke n'za mtsikanayu. Sanandilande foni, anakoka kampando n'kukhala pambali panga, "anti, muzidina nokha ine ndizingokuuzani." Tinalembetsanso nambala, SMS ina inabwera, nditangolowetsa manambalawo akuti wakuba uja watuluka kale kumene aliko. Koma kenako ikufunsa PIN ina yomwe ine sindinaikepo, wakubayo anali atatseka chitseko ndi loko wakewake. Apa ndi pomwe ndinamukhulupirira mwanayu, sanazungulire. "Anti, apa mudikira masiku 7, palibe njira yachidule, wina akakuuzani kuti amutsegula lero mukamupatsa ndalama ameneyo ndi wakuba wachiwiri." Anandiuza ndiimbire anthu onse ofunika pompo, ndilembe pa Facebook, ndipo amayi a ku mvano alengeze pa gulu kuti aliyense asatumize kanthu. Kunapezeka kuti mayi uja nayenso anamubera chimodzimodzi, ndipo tinali atatu m'gulu lomwelo.

Sabata itatha ndinabwereranso. Tinaika two-step verification, PIN ya manambala 6 yomwe anatembenuka kuyang'ana kukhoma ine ndikuilemba, tinaikanso imelo, anandionetsa pa linked devices pomwe umaona ngati pali kompyuta ya munthu wina ikuwerenga nawo mameseji ako. Anandifunsa ngati PIN ya Airtel Money ndi ya Mpamba ndi imodzi, ine kungoseka mwamanyazi, tinasintha zonse ziwiri. Zonsezi m'Chichewa chomveka, sanandiopseze ndi chizungu. Mawu oti cybersecurity pakamwa pake sanatulukepo olo kamodzi, ankangoti "manambala amenewa ndi kiyi wa nyumba yanu, olo abusa atapempha musapereke."

Tsono abwanawo. Iwo ndiye mawuwa amawatafuna ngati chingamu, "madam mukufuna basic kapena full cybersecurity package?" ngati tili ku saluni tikusankha mesh. Full package yakeyo nditafunsitsa ndi ka antivirus komwe kali kaulere pa Play Store, iwo akufuna K10,000 yapadera. Ndinakana, nkhope inagwa. Koma chomwe chinandiimitsa mutu ndi hardcover yakuda ili pa kauntala, yotsegula, aliyense wosiya foni amalembamo dzina, nambala, ndi pasiwedi kapena kujambula pattern yake. Ine nditaima pamenepo ndinawerenga ma pattern a anthu anayi osafuna, wina anajambula Z, wina L. Mnyamata wa ma charger amalowa n'kutsamira pa buku lomwelo akucheza. Mxiii. Pansi pa chikwangwani cha CYBER SECURITY! Nditawafunsa anati "timatero kuti tisamavutike kuimbira makasitomala." Mtsikana uja anangoyang'ana pansi.

Zina n'zazing'ono. Benchi ndi imodzi, dzuwa la masana limalowa mpaka mkati, ndipo lisiti ndinachita kuumirira. Ndinalipira K8,000 maulendo onse awiri, kwa ine sizinandipweteke poona kuti makasitomala anga onse a madiresi ali pa WhatsApp ndipo sabata imeneyo ndinagulitsa mochepa kwambiri.

Nde mukandifunsa, pitani, koma pitani m'mawa, funsani mtsikanayo, foni ikhale m'manja mwanu ndipo m'buku lija musalembemo kanthu. Ngati ili yofuna kusiya kuti akonze screen, chotsani SIM ndi memory card kaye. Nyenyezi 3 pa 5, zikanakhala 5 abwana akanakhala kuti amangokhala kunyumba.

K20,000 ya achemwali sinabwerere, nambala yomwe anatumizako inali itazima kale m'mawa mwake. Ndinawapatsa madiresi awiri a mu belo yatsopano kuti mtima ukhale pansi, anasankha okha, anatenganso ndi jekete yomwe ndinasungira kasitomala wa ku Namiwawa.