Toluidine blue, Giemsa kapena tryptase: tigwiritse chiti posaka mast cell?

Anzanga a mu labu, amene munasakapo mast cell (selo la chitetezo cha thupi lodzaza ndi timibulu) pa H&E (utoto wa masiku onse wa haematoxylin ndi eosin) mukudziwa mmene maso amatopera. Timibulu take sitioneka bwino, ndipo n'kosavuta kulisokoneza ndi plasma cell, selo lopanga ma antibody. H&E tiisiye, si ntchito yake.

Ine mtima wanga uli pa toluidine blue. Utotowu ndi wabuluu, koma ukakhudza heparin wodzaza m'timibulu ta seloli umasanduka wa pepo wofiirira, zina zonse pagalasipo n'kutsala zabuluu. Kusintha mtundu kotereku n'kumene kunathandiza wasayansi wa ku Germany Paul Ehrlich kuzindikira maselowa mu 1878. Mtengo wake ndi wotsika, ndipo ntchito imatha m'mphindi zochepa. Ingousakanizani ukhale wa asidi, apo ayi galasi lonse limada ndipo timibulu timabisika.

Vuto lake ndi lalikulu ndithu. Pa ziwengo, mphumu kapena anaphylaxis (ziwengo zoopsa zadzidzidzi), selo limakhuthula timibulu take potulutsa histamine, ndiye utoto umasowa pogwira. Selo lilipo koma inu simukuliona, n'kulemba kuti maselo ndi ochepa pomwe ndi amene akuvutitsa wodwalayo. Formalin, mankhwala osungira minofu kuti isaole, nayenso amabisa maselo a mast a m'matumbo. Carnoy, mankhwala ena a ntchito yomweyo, amawasunga bwino.

Giemsa amagwira timibulu mofananamo, ndipo ubwino wake ndi wakuti ali kale pashelefu chifukwa cha magalasi a malungo. Pa mafuta a m'mafupa samalani ndi basophil, selo loyera la m'magazi, nayenso ali ndi timibulu ta pepo. Yang'anani nyukiliyasi: ya basophil ndi yogawikagawika, ya mast cell ndi imodzi, yozungulira.

Tryptase ya immunohistochemistry (njira yosaka ndi ma antibody tryptase, puloteni ya m'timibulu ta mast cell) imaposa zonsezi, chifukwa imaonetsa ngakhale selo lotsala ndi timibulu towerengeka. Koma imafuna ndalama, ma antibody osungidwa mufiriji, ndi labu ya histopathology yokhala ndi zida. CD117, puloteni ina yosakidwa ndi ma antibody, imathandiza, ngakhale imagwiranso melanocyte (maselo opatsa khungu mtundu) pakhungu ndi maselo a Cajal (othandiza matumbo kuyendetsa chakudya) m'matumbo, choncho payokha sindiidalira.

Pongofuna kuona ngati maselowa achuluka pakhungu, toluidine blue kapena Giemsa akwanira. Pa systemic mastocytosis, matenda a kuchulukana kwa maselowa m'ziwalo za m'kati mwa thupi, nkhani ndi ina. Chizindikiro chachikulu malinga ndi WHO ndi magulu angapo a maselo 15 kapena kuposa ounjikana m'mafuta a m'mafupa kapena m'chiwalo china osati khungu, ndipo maselo odwalawa nthawi zambiri amakhala osongoka, a timibulu tochepa, okhala ndi puloteni ya CD25. Amenewa ndi omwe toluidine blue amawaphonya. Dokotala akakayikira matendawa, musatseke nkhani chifukwa galasi silinaonetse pepo. Tumizani buloko (kachidutswa ka mnofu kosungidwa mu phula) kumene kuli tryptase.